Kupeta nyengo za chaka pa nsalu: mafunso ndi mayankho pa luso la singano la ku Japan

Munthu akaona chithunzi cha kimono, chovala chachitali cha ku Japan, chitadzaza maluwa, mbalame ndi masamba ofiira, n'zosavuta kuganiza kuti zonsezo ndi zokongoletsa chabe, monga maluwa a pa nsalu yoyala patebulo. Kwa eni ake nkhani si imeneyo. Duwa lililonse limatchula mwezi, ndipo ena amatchula ngakhale masabata enieni amene chovalacho chiyenera kuoneka pamsewu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kwa anthu okonda kusoka ndi kupeta pamanja akayamba kumva za lusoli.

Kodi luso limeneli ndi lotani, ndipo linayamba liti?

Pali nthambi ziwiri zimene zinakulira m'nyumba zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi nihon shishu, kupeta ndi ulusi wa silika ndi wa golide pa nsalu ya silika, kumene kunali kwa akachisi, mabanja achifumu ndi anthu a ndalama. Yachiwiri ndi sashiko, kusoka mizere ya ulusi woyera pa nsalu ya buluu wodera, kumene kunali kwa alimi ndi asodzi.

Kupeta kwa silika kunafika ku Japan kuchokera ku China ndi ku Korea limodzi ndi chipembedzo cha Chibuda m'zaka za m'ma 500, ndipo poyamba singano inkapeta zithunzi zachipembedzo. Nsalu yopeta yakale kwambiri imene ikudziwika m'dzikomo ndi Tenjukoku Shucho, imene inapangidwa pokumbukira Kalonga Shotoku atamwalira mu 622. Zidutswa zake ndi za kachisi wa Chugu-ji, m'chigawo cha Nara. M'kupita kwa zaka singano inatuluka m'kachisi n'kulowa m'zovala, ndipo mizinda ya Kyoto, Kanazawa ndi Edo, umene lero ndi Tokyo, inakhala ndi kapetedwe kakekake.

N'chifukwa chiyani nyengo zili ndi malo aakulu chonchi m'lusoli?

Chaka cha ku Japan chili ndi nyengo zinayi zosiyana moonekeratu: haru, pamene mitengo imaphukira, natsu, nyengo yotentha ndi yachinyezi, aki, pamene masamba amafiira n'kuyoyoka, ndi fuyu, nyengo ya chisanu. Koma kalendala yakale, imene anaitenga ku China, sinalekere pa zinayizo. Inagawa chaka m'zigawo 24 zotchedwa sekki, ndipo chigawo chilichonse inachigawanso patatu, kotero kuti chaka chonse chili ndi tinyengo 72 ta masiku pafupifupi asanu kalikonse. Mu 1685 katswiri wa za nyenyezi Shibukawa Shunkai anakonza mayina a tinyengoti kuti agwirizane ndi zimene zimachitikadi ku Japan, chifukwa zina zimene kalendala ya ku China inkanena sizinkaoneka pazilumbazo.

Mayinawo ndi amene amaulula mmene anthuwa amayang'anira dziko lawo. Kumayambiriro kwa Febuluwale kuli masiku otchedwa akuti mphepo ya kum'mawa yasungunula madzi oundana. Kumayambiriro kwa Epulo anamzeze abwera. Kumayambiriro kwa Meyi achule ayamba kulira. Chapakati pa Juni udzu wowola wasanduka ziphaniphani, monga mmene akale ankakhulupirira. Mu Seputembala anamzeze anyamuka, ndipo mu Disembala zimbalangondo zalowa m'mapanga. Ngakhale kuti dzikolo linayamba kutsatira kalendala ya Azungu mu 1873, mayina amenewa sanafe, ndipo wopeta amene anakulira m'malo owerenga chaka moteremu sangapete duwa osadzifunsa kuti ndi la masiku ati.

Mwambowu unazika mizu m'nyengo ya Heian, kuyambira 794 mpaka 1185, pamene akazi a kunyumba yachifumu ku Kyoto ankavala mikanjo yambiri mosanjikiza, m'mphepete mwa uliwonse mukuonekera pakhosi ndi pamikono. Kasanjidwe ka mitundu kalikonse kanali ndi dzina ndi nyengo yake. Nsalu yoyera yokhala ndi yofiirira mkati mwake, mwachitsanzo, inkatchedwa yuki no shita, kutanthauza za pansi pa chipale chofewa, pokumbutsa duwa lofiira limene chipale chalikwirira. Kuvala mitundu ya nyengo yolakwika kunkaonetsa kuti munthuyo sanaleredwe bwino.

Ndi zomera ziti zimene zimaimira nyengo iliyonse?

Chaka chimatsegulidwa ndi ume, mtengo wa m'gulu la mapichesi umene umachita maluwa mu Febuluwale kukadali kozizira, ndipo chifukwa cha kulimba mtima kumeneko umalemekezedwa kwambiri. Umatsatiridwa ndi sakura, mtengo wa matcheri wa maluwa oyera ndi apinki, kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, kenako fuji, chomera choyanga cha maluwa ofiirira olendewera ngati mikanda. Mu Juni, pamene mvula ya tsuyu imavumba masabata angapo, pamabwera maluwa a ajisai. Nyengo ya aki ili ndi zomera zake zisanu ndi ziwiri zodziwika kuyambira kalekale, zomwe zina mwa izo ndi hagi, kikyo ndi udzu wautali wa ngayaye zoyera wotchedwa susuki. Kenako pamabwera duwa la kiku ndi masamba ofiira a momiji. Masamba amenewa akapetedwa akuyandama pa mizere ya madzi, chithunzicho chimatchedwa Tatsutagawa, dzina la mtsinje wa ku Nara wotchuka ndi masamba otero. M'chisanu muli duwa la tsubaki, komanso paini, nsungwi ndi ume zikaikidwa pamodzi zimakhala chizindikiro cha mwayi chimene chimavalidwa pa Chaka Chatsopano ndi pa maukwati.

Kodi n'zoona kuti duwa silivalidwa pamene lachanua pamtengo?

Kwa anthu osunga mwambo, n'zoona, ndipo apa m'pamene pagona mtima wa luso lonseli. Mwambowu umatchedwa sakidori, kutanthauza kutsogolera nyengo. Chovala chopetedwa nthambi ya sakura chimavalidwa masiku angapo kapena masabata ochepa mitengo isanachanue, pamene aliyense akudikirira, ndipo mitengo ikangoyera ndi maluwa chovalacho chimapindidwa. Amati si ulemu kupikisana ndi duwa lenileni, ndiponso kuti ulusi, ukome chotani, sungapambane mpikisano umenewo. Maluwa akayamba kuthothoka, chimene chimayenera ndi nsalu ya timasamba ta maluwa tomwazika kapena toyandama pamadzi.

Kuti munthu amvetse kufupika kwa nthawi imeneyi, aganizire mmene sakura amachitira ku Tokyo. Nthambi ya boma yoona za nyengo ili ndi mtengo umodzi wopimira, pa kachisi wa Yasukuni, ndipo imalengeza kuti nyengo yayamba pamene maluwa asanu kapena asanu ndi limodzi atseguka pamtengowo. Pakapita pafupifupi sabata mitengo imakhala itachanua yonse, ndipo pakapitanso sabata ina kapena kuposerapo pang'ono maluwa amakhala ali pansi. Wopeta angathe kutha miyezi pa lamba wa kimono, wotchedwa obi, amene mwiniwake adzamuvale masiku owerengeka pachaka. Ena angati uku n'kuwononga. Ine ndimaona kuti ndiko kumachititsa nsaluyo kukhala ndi mawu: wovala akuuza anzake kuti iye wayamba kale kuona zimene zikubwera, ndipo amene akudziwa kuwerenga chovalacho amayankha.

Pali njira yozembera lamuloli kwa amene alibe ndalama zogulira zovala za mwezi uliwonse. Duwa likajambulidwa lopanda nthambi, kapena likasakanizidwa ndi maluwa a nyengo zina zonse, limatengedwa ngati chizindikiro chabe ndipo limavalidwa nthawi iliyonse.

Nanga n'chifukwa chiyani zizindikiro za chipale chofewa zimapezeka pa zovala za nyengo yotentha?

Chifukwa chovala chimaganiziranso munthu amene akuchiyang'ana. Mu Julayi ndi Ogasiti, pamene kutentha ndi chinyezi zimakhala zosautsa, anthu amavala nsalu zopyapyala zoonekera zotchedwa ro ndi sha, ndipo pa nsaluzo amapetapo madzi oyenda, atombolombo, udzu wa nyengo ya aki kapena chizindikiro chozungulira cha chipale chotchedwa yukiwa, kuti maso a woona azizidwe ngakhale thupi likutuluka thukuta. Nsalu yeniyeniyo imatsatanso kalendala: yokhala ndi ina mkati kuyambira Okutobala mpaka Meyi, yopanda ina mkati mu Juni ndi Seputembala. Mpaka lero masukulu ambiri amasintha yunifolomu pa 1 Juni ndi pa 1 Okutobala.

Kodi ulusi ndi zida zake zimasiyana bwanji ndi zimene timazidziwa?

Kusiyana kwakukulu kuli pa ulusi. Umene timagula ife m'mashopu umabwera wopotedwa kale, pamene wopeta wa ku Japan amagula silika wosapota wotchedwa kama-ito, wafulati ngati liboni yopyapyala, wopangidwa ndi tinsinga tating'ono tokwana pafupifupi 12. Akafuna ulusi wonenepa amaphatikiza, akafuna woonda wopetera mtsempha wa tsamba amagawa, ndipo akafuna wopota amaukoleka pa chitsulo chosongoka chozikidwa pa felemu n'kuupota yekha pakati pa zikhatho, monga mmene amayi amapotera chingwe cha khonje, kungoti uwu ndi wochepetsetsa. Motero m'nsalu imodzi, ndi mtundu umodzi wokha wa utoto, angathe kutulutsa duwa lonyezimira ndi tsamba losanyezimira.

Nsalu amaikunga pa felemu yathabwa ya makona anayi mpaka italimba ngati chikopa cha ng'oma. Manja onse awiri amagwira ntchito: lamanja pamwamba, lamanzere pansi pa nsalu pamene maso saona, kulandira singano ndi kuibweza. Singano zabwino zimasulidwa pamanja ndipo ndi zazifupi, za mutu wophwatalala. Pamene ulusi wosapota ukutsika, wopeta amausisita ndi kachitsulo kosalala kotchedwa tekobari kuti tinsinga tonse tigone moyandikana popanda kena kukwera pa kanzake, chifukwa kansinga kamodzi kokha kakapindika kuwala kumaduka pamenepo ndipo diso limathamangira pomwepo. Ngakhale khungu lokhakhala la chala limakola silikayu n'kumunyotsola, kotero kuti opeta amasamala manja awo ngati chida.

Zonsezi n'zofunika chifukwa m'luso limeneli kuwala ndiko utoto wachiwiri. Silika wosapota amabweza kuwala motsata mbali imene ulusi wagonera. Duwa la ume lili ndi timasamba tisanu. Kalikonse kakapetedwa ulusi utaloza kwake, duwalo limaoneka la mitundu itatu kapena inayi ngakhale kuti ulusi ndi umodzi, ndipo wovala akatembenuka, kuwala kumasamuka kuchoka pa kasamba aka kupita pa ako. Pali masokedwe ambiri okhala ndi mayina: sagara-nui ndi timfundo todzaza malo, sashi-nui ndi misoko yaitali ndi yaifupi yolowana imene imasungunula mtundu wina kulowa mu unzake, monga tsamba lochoka ku chikasu kupita ku kufiira, ndipo suga-nui ndi mizere yoonda yotsata ulusi wopingasa wa nsalu, imene imasiya nsaluyo ikuonekera ngati nkhungu. Bungwe la Kurenai-kai, limene Iwao Saito anakhazikitsa mu 1970, ndi nthambi yake ya Japanese Embroidery Center imene inatsegulidwa ku Atlanta mu 1989, amaphunzitsa masokedwe 46 m'magawo khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi ulusi wa golide ndi golide weniweni?

Wa pa nsalu zapamwamba ndi golide weniweni, koma wochepa kwambiri. Amamusula mpaka kupyapyala kuposa tsamba louma, n'kumumata pa pepala lolimba, kulidula m'timizere n'kukulunga timizereto pa ulusi. Ulusi wotere suboola nsalu; amauyala pamwamba awiriawiri kuchokera pa timatabwa totchedwa koma, n'kumaumangirira ndi ulusi wina woonda. Kuwala kwa zovala zoterezi kunafika poipira akuluakulu a boma, moti mu 1683 analetsa kupanga ndi kugulitsa zovala zopeta zapamwamba kwa akazi a m'tauni. Chiletsocho chinathandiza kuti luso lojambula ndi utoto pa silika, lotchedwa yuzen, lifale.

Nanga anthu osauka, amene sakanatha kugula silika, ankatani?

Iwo nyengo sankaipeta chabe, ankalimbana nayo. Kumpoto kwa chilumba cha Honshu, m'dera la Tsugaru m'chigawo cha Aomori, chipale chofewa chimakwirira minda miyezi ingapo ndipo thonje silimera. Mu 1724 olamulira deralo anakhazikitsa lamulo loletsa alimi kuvala nsalu za thonje, n'kuwasiyira nsalu ya luzi la zomera zotchedwa asa, imene ndi yolimba koma ya mipata ngati sefa, mphepo imangodutsa. Akazi anayamba kutseka mipatayo ndi singano, kuwerenga ulusi wa nsaluyo umodziumodzi ndi kudumpha umodzi, utatu, usanu, mpaka phewa ndi msana wonse zitakhuthala. Kusoka kumeneku ndi kogin. Poyamba ankasoka ndi ulusi wa luzi lomwelo, ndipo ulusi woyera wa thonje utayamba kupezeka, zithunzi zinayamba kuonekera bwino pa buluu woderayo.

Inali ntchito ya m'chisanu, pamene kumunda kunalibe chochita, ndipo atsikana ankayamba kuphunzira ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi kuti podzakwatiwa adzakhale atasoka zovala zingapo zopita nazo kubanja. M'midzi ya m'mapiri kumadzulo kwa mtsinje wa Iwaki, kumene anthu ankabereka makala kumsana, ankasoka mizere yothithikana pamapewa pamene zingwe za katundu zimadya nsalu. Njanji itafika ku Aomori mu 1891 ndi ku Hirosaki mu 1894, nsalu za thonje zotchipa zinadzaza misika ndipo kogin anatsala pang'ono kuiwalika, mpaka m'zaka za m'ma 1930 pamene Yanagi Soetsu ndi anzake olemekeza ntchito zamanja za anthu wamba anayamba kumutamanda.

Sashiko wa madera ena ndi wosavuta kuposa pamenepa, chifukwa ndi msoko wamba woyenda, wolumikiza nsalu ziwiri kapena zitatu zakutha kuti zikhale imodzi yofunda. Ozimitsa moto a ku Edo ankavala majekete osokedwa chonchi, amene ankawanyowetsa ndi madzi asanalowe m'moto.

Mizere ya sashiko imaoneka ngati masamu. Ikukhudzana bwanji ndi chilengedwe?

Yankho lili m'mayina. Nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi ndi asanoha, tsamba la asa, ndipo inkasokedwa pa zovala za makanda chifukwa chomeracho chimakula msanga ndiponso mowongoka. Timauta tosanjikizana ndi seigaiha, mafunde a nyanja. Nowaki ndi udzu woweramitsidwa ndi mphepo ya mkuntho ya nyengo ya aki, kakinohana ndi duwa la mtengo wa zipatso wotchedwa kaki, ndipo komezashi ndi timitanda tofanana ndi chilembo chimene amalembera mpunga. Mu kogin muli gulugufe, chipanda, chikamba cha mtedza wa mtengo wa kurumi ndi phazi la mphaka. Mlimi analibe nthawi yopeta tsamba ndi mitsempha yake yonse, choncho analichepetsa mpaka patatsala mafupa ake okha, amene akanatha kubwerezedwa nthawi mazana pa kuwala kwa moto. Pa nthambi ziwirizi, ine imene imandigwira mtima ndi iyi.

Kodi makina sangachite zonsezi mwachangu?

Makina amapeta bwino ndipo zovala zambiri zogulitsidwa lero ndi za makina. Koma makina amafuna ulusi wopota wolimba komanso ulusi wachiwiri wapansi, motero silika wosapota sangamugoneke mosalala ngati mmene dzanja ndi tekobari zimachitira, ndipo nsalu yake imatuluka youma. Mukatembenuza nsalu mumadziwa: ya makina imakhala ndi ulusi wina kumbuyo wofanana paliponse, pamene ya pamanja imaonetsa njira imene singano inayenda.

Kodi munthu wa kuno angayambire pati?

Kupeta kwa silika kumafuna mphunzitsi ndi zida zodula, koma sashiko angayambidwe lero lino ndi jinzi ya pa kaunjika yothetheka pabondo, singano yaitali ya diso lalikulu, choko cha telala ndi ulusi woyera wa thonje wonenepa pang'ono. Felemu siifunika. Singano siitulutsidwa pa msoko uliwonse. Nsalu ndiyo imapindidwira pa singano kangapo, kenako singano imakankhidwa ndi m'munsi mwa chala chapakati, n'kusalaza nsaluyo ndi chala chachikulu kuti isakwinyike. Msoko wa pamwamba ukhale wautali pang'ono kuposa mpata, pafupifupi ngati njere ya mpunga, ndipo pamene mizere yambiri ikukumana pasiyidwe kampata pakati kuti ulusi usaunjikane. Pokhota pangodya, kumbuyo kusiyidwe ulusi wolendewera pang'ono, chifukwa thonje limafupika likachapidwa.

Chimene sindingalimbikitse ndi kukopera sakura ndi chipale chofewa pa intaneti n'kumapeta kuno mu Okutobala. Amene wamvetsa luso la ku Japan atengeko kayang'anidwe kake, osati maluwa ake. Chaka chathu chili ndi zizindikiro zake zimene mlimi aliyense amaziwerenga: masamba anthete a miombo amene amatuluka ofiira chilimwe chikamayamba, mvula isanagwe n'komwe, nyenje zolira mu Okutobala, ngumbi zotuluka ndi mvula yoyamba, bowa wa m'dzinja, ngayaye za chimanga, udzu wofolera nyumba utauma mu Juni, mafunde a mwera panyanja, ndi mtengo wa nsangu umene umayoyola masamba m'dzinja pamene ina yonse yabiriwira. Mwambo wotsogolera nyengo ungatanthauze kupeta ngumbi kudakali fumbi.

Ndipo silika wosokedwa pamanja si wachilendo kwa ife. Billie Zangewa, amene anabadwira ku Blantyre mu 1973, n'kukulira ku Botswana, ndipo amagwirira ntchito ku Johannesburg, amadziwika m'nyumba zoonetsera zaluso za mayiko ambiri chifukwa cha zithunzi zimene amapanga podula zidutswa za silika ndi kuzisoka pamanja. Njira yake si ya ku Japan, koma ntchito zake zoyambirira zinali zomera ndi nyama zimene ankazikumbukira ku Botswana.

Kodi nsalu zoterezi zimasamalidwa bwanji?

Sashiko wa thonje amachapidwa ndi madzi ozizira n'kuyanikidwa pamthunzi, ndipo masiku oyamba azichapidwa payekha chifukwa utoto wabuluu wa chomera cha ai umatuluka. Nsalu yopeta ya silika siichapidwa. Adani ake ndi dzuwa, limene limasulutsa utoto ndi kuthetha ulusi, komanso chinyezi ndi njenjete. Ku Japan amaikulunga m'pepala, kuigoneka m'bokosi la thabwa lopepuka la kiri, n'kumaitulutsa kuti ipitidwe mphepo pamthunzi masiku ouma.

N'zoona kuti ali ndi mwambo wa singano zothyoka?

N'zoona, ndipo nawonso uli ndi tsiku lake pa kalendala. Umatchedwa hari-kuyo, ndipo umachitika pa 8 Febuluwale ku Tokyo ndi madera ozungulira, pamene madera ambiri a kumadzulo amauchita pa 8 Disembala. Pa tsikulo osoka sagwira singano. Amasonkhanitsa zonse zimene zathyoka kapena kupindika m'chakacho n'kupita nazo kukachisi, monga pa Awashima-do m'bwalo la Senso-ji ku Tokyo kapena pa Horin-ji ku Kyoto. Kumeneko pamakhala pataikidwa chibuma chachikulu cha tofu, chakudya choyera chofewa chopangidwa ndi soya, kapena cha konnyaku, chakudya chinanso chofewa, ndipo atelala, opeta ndi ophunzira kusoka amafola pamzere, aliyense n'kuzika singano zake m'menemo, akuti kuti chitsulo chimene chakhala chikuboola nsalu zolimba chaka chonse chipumule m'chinthu chofewa.